Maselo a Bambo Anayenera Kugona ndi Njala

Madina, ku Accra

Bambo,

Ndayamba ndi moni, poti moni sitimana ngakhale mdani, ndiye inu si mdani, ndinu bambo anga. Mwadzuka bwanji ku Anloga kumeneko? Mutu uja ukumalemerabe masana? Nanga kuyabwa kumene kumakugwirani mukangosamba, kwachepako? Ndinamva kuti kuchipatala cha kwathuko anakuchotsaninso magazi kuti thupi lipepuke. Ndikhulupirira kuti chizungulire sichinakugwetseni m'mabedi a anyezi.

Akazi anu ali bwanji? Mwaona, ndafunsa. Tiana tija tili bwanji?

Kuno tili moyo. Achemwali anga, a Sedinam, sakudwala, koma aonda, ndipo chowaondetsacho ndi chimene ndikulemberani. Ine ndili bwino, kungoti masiku ano ndikuyenda chowerama ngati munthu amene wataya singano mumchenga.

Kalatayi ndapatsira a Dotse, dalaivala wa lole imene imanyamula anyezi wanu. Ndikanaimba foni, koma foni yanu amayankha ndi akazi anu, ndipo akangomva mawu anga amadula ngati akudula mutu wa nsomba. Muwerenge nokha, kumunda, osati pakhonde pamene pali makutu ambiri.

Nkhani imene ndili nayo ndi yochititsa manyazi, ndipo wochita manyaziyo ndine. Musafulumire kusangalala, muyambe mwafika kumapeto.

Mutabwera kuno munangoona geti la kuntchito kwathu ndi nesi amene anakubayani. Simunaone kumene magazi anu anapita. Anabwera m'manja mwanga. Ntchito yanga mu labotale muja, imene achemwali anandipezera nditamaliza sekondale, ndi kutsuka mabotolo, kuphika zida kuti tizilombo tife, ndi kudyetsa maselo. Maselo ndi tizidutswa tamoyo timene timapanga thupi, tosaoneka ndi maso. Timawasunga m'timabotolo tafulati, m'madzi ofiirira ngati a chidede, m'kabati yofunda ngati m'khwapa mwa munthu. Akadya n'kuipitsa madziwo, madziwo amasanduka achikasu, ine n'kuwasinthira ena. Ndi ntchito yolera ana osalira, ndipo ndimaidziwa. Chiyambireni palibe botolo limene linandiwolera. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti amene analakwitsa si chitsiru. Chikanakhala chitsiru bwenzi anthu atachikhululukira kalekale.

Muyeneranso kudziwa chimene achemwali akufuna m'magazi mwanu, chifukwa ndikukayika ngati anakufotokozerani bwino. Iwo akayamba kufotokoza amaiwala kuti anzawofe sitinapite ku yunivesite. Ine anandifotokozera m'minibasi, nthawi ija tinkalankhulana, ndipo ndinawabweza kangapo mpaka zinalowa.

Akuti m'selo lililonse muli chipinda cham'kati mmene mumasungidwa malangizo onse a chibadwa cha munthu. Malangizowo sadziwerenga okha. Pali puloteni ina ya dzina lalitali, ine ndimangoti kapitawo, imene ntchito yake ndi kulowa m'chipindamo n'kulamula kuti tsamba lakutilakuti liwerengedwe. Koma kapitawoyo salowa mwachisawawa. Amakhala panja, manja ali m'thumba, mpaka puloteni ina yotchedwa kinezi itamumata kachizindikiro ka fosifeti. Kinezi ndiye mwini chidindo. Thupi likasowa magazi limatumiza uthenga. Uthengawo ukagogoda pakhoma la selo, kinezi amadinda, kapitawo amalowa, magazi amapangidwa. Uthenga ukaleka kubwera, ena amadzafufuta chidindo chija, kapitawo n'kutuluka, ntchito n'kuima.

Tsono achemwali akuganiza kuti kinezi wanu, Bambo, amadinda popanda womutuma. Kukacha pha, kukada pha, osapuma. N'chifukwa chake magazi anu akuchuluka mpaka kulemera ngati phala. Nditamva ndinati, inde, ameneyo ndi wa bambo ndithu, wochita zinthu osafunsa munthu. Achemwali sanaseke.

Odwala ena a matenda anuwa ali ndi chilema chodziwika pa kinezi wawo, ndipo madokotala amachipeza mosavuta. Pa inu anachifuna osachipeza. Achemwali ndi amene anapeza kuti chanu chili pamalo ena, pamene sanapaonepo mwa wodwala wina aliyense amene anadutsa m'manja mwawo. Zaka zonse zimene akhala akuwerama mu labotale muja zatsamira pa chinthu chimodzi: aonetse poyera kuti chilema chimenecho ndi chimenedi chikuchititsa kuti chidindo chisamafufutike. Akaonetsa, digiri yawo ya udokotala yatheka, ndipo madokotala anu adzakhala ndi poyambira poganiza za mankhwala ogwira dzanja la kinezi. Akalephera, zaka zija zapita ndi madzi.

Zimene zinachitika mutabwera mukuzidziwa, munalipo. Koma ndizilemba, kuti musaganize kuti ndikuzilambalala.

Ndinabwera kuchokera kuntchito n'kukupezani mutakhala pampando wathu, nsapato mutavula ngati pakhomo panu. Achemwali sanandichenjeze, ankadziwa kuti ndikanakana. Anandiuza kuti ndikuphikireni akple, nsima ya kwathu ija, ndi therere la nkhanu mmene mumakondera. Ine ndinati manja angawa anaphikira amayi phala m'chipatala miyezi yonse ija inu muli pa ukwati watsopano, atopa, aphike amene sanatope. Inu munati, Aseye, mwana wanga. Ine ndinati magazi anu alemera chifukwa munamwa misozi ya amayi. Ndinanena mokweza, anthu a nyumba yoyandikana nayo akumva. Kutacha munapita kuchipatala kukapereka magazi poti munali mutalonjeza, kenako munalumbira pageti, kutchula manda a agogo, kuti phazi lanu silidzapondanso Accra ine ndili momwemo.

Mawu amene ndinanena aja sindikuwabweza onse. A phala aja ndi oona. Koma a magazi aja anali onyansa. Munthu wodwala sanenedwa choncho.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kulankhula ndi achemwali, chifukwa chokubweretsani mondibisira. Chipinda chimodzi, mbaula imodzi, minibasi imodzi, ntchito imodzi, koma pakamwa ndinakhoma. Mumandidziwa. Ndili mwana ndinakhala osalankhula ndi msuweni wanga nyengo yonse ya mvula chifukwa cha sipuni. Achemwali akandifunsa kanthu ndinkayankha khoma. Akandisiyira chakudya ndinkachivindikira n'kukagula changa pamsewu.

Kuntchito anthu anazindikira. Kuli bambo ena a kumpoto, a Fuseini, amene akuphunzira limodzi ndi achemwali, munthu wanthabwala ngati alibe mavuto. Akalowa m'mawa ankafunsa kuti kodi kunyumba ya malamulo kuno zokambirana zayambiranso, kapena otsutsa boma akadali panja? Ine ndinkawauza kuti asamale za ndevu zawo zimene zikumera ngati udzu wa pachulu. Iwo amvekere, "Ehee, wailesi ikugwira, kungoti siteshoni imodzi ndi imene inatsekedwa." A Fuseini omwewo ndi amene anapereka magazi awo kuti tikhale ndi maselo a munthu wabwinobwino oyerekezera ndi anu.

Maselo anu ndinkawadyetsa ndine, Bambo. Ndinakana kukuphikirani, koma maselo anu sanagonepo ndi njala m'manja mwanga. Musandifunse chifukwa chake. Mwina n'chifukwa chakuti analibe pakamwa ponenera kuti mwana wanga. Anakula msanga kuposa a a Fuseini, adyera, osakhuta. Ndikawaika pamakina oonera tinthu tating'ono ndinkawaona ali mbuu, obulungira, owala m'mbali ngati mikanda. Ndikakhala ndekha ndinkawalankhula. Zimene sindinakuuzeni inu ndinawauza iwo, ndipo sanandiyankhe mwano ngakhale kamodzi.

Madzulo ena ndikutsuka mabotolo pasinki, achemwali anabwera kumbuyo kwanga. Anati, "Aseye, tamvera, mawa mabotolo a bambo ndi a a Fuseini aja..." Ine nditangomva mawu oti bambo ndinatsegula mpopi mpaka kumapeto. Madzi ankawomba m'chitsulo ngati mvula pamalata. Ndinkaona pagalasi la zenera milomo yawo ikuyendabe, dzanja likuloza kukabati. Atamaliza anandigwira paphewa n'kufunsa ngati ndamva. Ndinagwedeza mutu kuvomera, kuti angochoka.

Pamenepo ndi pamene ndinalakwira. Zotsatirazo zinangotsatira.

Kutacha ndinafika ndekha koyambirira monga mwa masiku onse. Nditatsegula kabati ndinaona kuti madzi a m'mabotolo awiri aja si amasiku onse. Chakudya chenicheni cha maselo ukachigwedeza chimachita thovu, chifukwa mumakhala zonona zochokera m'magazi a ng'ombe ndi timankhwala towakulitsa. Awa anali madzi opyapyala, opanda thovu, msuzi wopanda nsomba. Ndinawaika pamakina. Maselo anali phee, ena atayamba kukwinyika.

Mtima wanga unachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo ndikuuzani zonse ziwiri. Unamva chisoni, chifukwa ana amenewo ndinawalera ndine. Koma unasangalalanso. Ndinati, ehee, adokotala aja lero aphonya, atenga botolo lolakwika, agoneka ndi njala bambo awo okondedwa amene ankafuna kuti ine ndiwaphikire nkhanu. Ndinafunditsa chakudya chabwino, chonona, n'kusintha madzi onse mosamala, muyeso womwewo kuti pasaoneke kusiyana, n'kubwezera m'kabati. Sindinauze munthu. Nkhaniyo ndinaisunga ngati mwala m'thumba, kudikira tsiku loponya.

Dzuwa litakwera achemwali anabwera, atamanga mpango wawo wa tsiku la ntchito yaikulu. Anatulutsa mabotolo aja, anaika maselo pa ayezi kuti chidindo chisafufutike ali mkati mogwira ntchito, n'kuwaswa. Kuti uone chidindo uyenera kuswa selo, palibe njira ina, ndipo selo ukaliswa silibwerera. Anaswa onse, poti anali ochepa. Sanasiyeko ngakhale mbewu. Ine ndinali pomwepo ndikupukuta tebulo, ndikumwetulira chamumtima.

Lachisanu lililonse timakhala ndi msonkhano, aliyense amaonetsa zimene wapeza. Pulofesa Okantey, mkulu wa labotale yathu, amakhala kumutu kwa tebulo, ophunzira m'mbali, ine pafupi ndi chitseko ndi ketulo ya tiyi. Zotsatira za ntchito ngati imeneyi zimatuluka ngati chithunzi cha timizere takuda. Pamene pali chidindo pamadetsedwa, pamene palibe pamakhala poyera. Achemwali ankayembekezera kuti mbali yanu padzakhala mzere wakuda bii, mbali ya a Fuseini mbee.

Anaonetsa chithunzicho pakhoma. Panali mizere iwiri, yakuda mofanana ngati mapasa.

Achemwali anati sakumvetsa, anachita zonse mmene ziyenera kuchitikira. Pulofesa anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati ngati kinezi wa wodwala akudinda mofanana ndi wa munthu wabwinobwino, ndiye kuti chilema chija chilibe ntchito, takhala tikuthamangitsa mthunzi. Ananena mofatsa. Ndiye anafunsa ngati maselowo anali athanzi tsiku lowaswa. Achemwali anati inde, anali athanzi kwambiri.

Mwala uja unandiyabwa m'thumba.

Ndinaika ketulo pansi n'kuimirira. Ndinati, athanzi chifukwa cha ndani? Ndinati, Pulofesa, tawafunsani adokotala athuwa chimene anawagoneka nacho maselo amenewo. Madzi okhaokha! Pakanapanda ine wa sekondale kubwera m'mamawa n'kuwapatsa chakudya chenicheni, bwenzi pakhomapo mukuona mitembo. Ndinatero manja ali m'chiuno, Bambo, mmene amayi ankaimira akamakangana ndi ogula anyezi.



Woyamba kulankhula anali a Fuseini. Amvekere, "Mayo ine! Ndiye kuti maselo anga anadya phwando, mwini wake ndili pa kusala?" Wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. Ine ndinkaganizabe kuti akuseka achemwali.

Pulofesa anandifunsa kuti, unawadyetsa? Ndinati inde. Onse awiri? Inde. Asanaswedwe? Ndinati inde, ndipo palibe anandithokoza. Anaika magalasi patebulo n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono, mmene umafotokozera mwana amene wathira mchere mu tiyi. Ndikanakonda akanandikalipira. Anati, mwana wanga, ukafuna kudziwa munthu amene amalankhula yekha m'nyumba, umayamba wachotsa alendo. Anati chakudya chonona chija ndi chimene chimanyamula uthenga wogogoda pakhoma la selo. Maselo amawagoneka ndi njala dala, kuti uthenga wonse uleke. Pamenepo kinezi wabwinobwino amaika chidindo pansi, ndipo amene akudindabe ndiye wolakwayo, wagwidwa. Ine pobweretsa chakudya ndinagogoda pazitseko zonse ziwiri, onse awiri n'kudinda, wolakwa n'kubisala pakati pa osalakwa.

Ine, mwana wa mlimi wa anyezi, amene ndinakula ndikukuonani mukuleka dala kuthirira mabedi anyezi akakhwima kuti alimbe, ndinalephera kuganiza kuti njala ina imakhala yadala.

Ndinafuna kuti simenti ing'ambike ndilowe. Manja aja anatsika okha m'chiuno, ndinasowa powaika. Achemwali sanakalipe. Anangonditembenukira n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Aseye, si unagwedeza mutu?" Basi. Funso limenelo likundilondolabe mpaka kubafa.

Pulofesa anati pali nkhani yabwino ndi yoipa. Yabwino ndi yakuti chithunzi chija ndi chabodza, ganizo la achemwali silinafe, silinayesedwe n'komwe. Yoipa ndi yakuti maselo atha. A Fuseini potuluka anandinong'oneza kuti ndisadziphe, pakamwa pangapa pawononga ndi kupulumutsa tsiku limodzi, chifukwa ndikanakhala chete achemwali akanataya ntchito yoona poganiza kuti ndi yabodza. Ndinawauza kuti asandipake mafuta. Sindinalankhule kuti ndipulumutse munthu. Ndinalankhula kuti ndigwetse mchemwali wanga pamaso pa aphunzitsi ake, ndipo aliyense m'chipinda muja anaona zimenezo.

Pulofesa anafuna kundichotsa ntchito tsiku lomwelo. Achemwali ndi amene anakalowa mu ofesi kukandipepesera, munthu amene ndinali nditangomuvula pagulu. Ndinamva ndili pakhonde akunena kuti manja anga ndi abwino kuposa a ophunzira ambiri, vuto ndi makutu. Pulofesa anati manja opanda makutu sawafuna pafupi ndi kabati. Ndiye ntchito ilipo, koma kuchipinda cha maselo anandiletsa. Ndine wa pasinki basi. Ndikamadutsa, ophunzira atsopano amakodolana. Wina anandifunsa ngati ndingamudyetserenso mphaka wake. Masiku onse ndikanamudula ndi lilime mpaka kulira. Ndinangoti pepani, ndidutse.

Tikubwerera kunyumba tsiku limenelo tinakhala mpando umodzi m'minibasi, mabondo akugundana. Ndinayesa kutsegula pakamwa, koma pakamwa pamene pakhala pokhoma nthawi yaitali pamachita dzimbiri. Ndinangoti, achemwali. Iwo akuyang'ana pazenera anati ndikanangowada akanapirira, anazolowera, koma ine ndimada munthu mpaka kugontha. Anati amayi anali awonso, nawonso anagona pansi m'chipatala muja, nawonso anakuonani pamaliro mutavala nsalu yatsopano mutakhala kutsogolo ngati munalipo masiku onse. Anati kusiyana kwake n'kwakuti iwo akufuna bambo wamoyo woti azimukwiyira, osati manda achiwiri. Kondakitala anatiyang'ana n'kunena kuti azimayi, ngati ndi maliro mutsike mukalire bwino, mukundithawitsira makasitomala. Sindinamuyankhe. Achemwali anadabwa mpaka anandiyang'ana.

Nkhani ili apa tsopano. Nthawi ya maphunziro a achemwali ikutha chaka chino, ndipo anawawonjezerapo kale, sangawonjezerenso. Pulofesa wawapatsa mpata umodzi. Maselo amatenga nthawi kuti akule, ndiye magazi atsopano akufunika mwezi uno usanathe. Kupanda apo, achemwali alemba buku lawo lopanda mwendo woimirira, ndipo oyesa sadzalilandira.

Mudzati bwanji osabwera kudzatenga magaziwo kwathu kuno. Ndinafunsa zomwezo. Chilolezo cha kafukufukuyu chimati magazi atengedwe kuchipatala chachikulu chokha, ndi nesi wawo. Ndiponso maselo amene akufunikawo ndi ochepa ndi osalimba, ulendo wa mumsewu wathu uja ndi kutentha kuja amafika atatheratu. Ayenera kuchoka pamkono panu n'kulowa mu labotale akadali ofunda.

Achemwali anayesa kuimba. Anayankha akazi anu, amvekere magazi a amuna anga si madzi a pachitsime oti aliyense azingotunga. Anatinso kumudzi anthu akunena kuti ana anu akugulitsa magazi anu kuti alemere. Bambo, bwerani mudzaone chipinda chimene timagonamo ndi nsapato za achemwali, mudzaone kulemerako. Palibe amene anagulitsa kadontho. Magazi anu anathera m'manja mwa mwana wanu wopusa amene anawadyetsa pa tsiku lolakwika. Chiimbireni foni imeneyo achemwali akuti sakuvutitsaninso. Akuti anakulonjezani kuti ndi kamodzi kokha, ndipo munanyozedwa pakhomo pawo, alibe nkhope yopemphera kachiwiri.

Ndiye ndikupempha ndine, amene nkhope ndilibiretu.

Bwerani, Bambo. Ndagwira mwendo wanu. Musabwerere ine. Bwererani mwana wanu amene sanakunyozenipo, amene akumadzuka m'mawa n'kumanga mpango kupita kukayang'ana kabati yopanda kanthu.

Ndikudziwa za lumbiro lija. Lumbiro lotchula manda silithyoledwa, ndipo sindikufuna kuti agogo akutembenukireni chifukwa cha ine. Musalithyole. Munati simudzaponda Accra ine ndili momwemo. Chabwino, ine ndichokamo.

Ndikudziwanso chimene mudzanene kachiwiri, kuti anyezi ali pakati pa kukula, mchenga wathu uja susunga madzi, mukachoka athirira ndani. Ndithirira ine. Ndibwera ndi lole ya a Dotse ikamabwerera, inu mudzanyamuke kutacha. Zidebe ziwiri m'manja, kuchitsime, kubedi, kuchitsime, kubedi, m'mawa ndi madzulo, sindinaiwale. Mapewa adzalira masiku oyamba, adzazolowera. Kuntchito ndapempha tchuthi, ndipo Pulofesa anavomera msanga kwambiri moti zinandipweteka.

Zimenezi zikutanthauza kuti ndidzagona m'nyumba ya akazi anu. Ndaganiza za zimenezo mpaka mutu kuwawa. Ndidzawapatsa moni m'mawa uliwonse, ine kuyamba. Ndidzadya chimene aphika osanunkhiza. Ndidzatunga madzi, ndidzasambitsa tiana tija. Akandiyamba ndidzaluma lilime, ngakhale lituluke magazi. Kuwatchula kuti mayi kokha sikukutuluka, ndayesa pagalasi. Mayi aang'ono kukutuluka, movutikira. Muwauze alandire zimenezo.

Kuno mudzapeza pogona pokonzeka. Ndachapa nsalu zofunda, ndagula nkhanu zouma ndi therere, ndasiya m'chitini pamwamba pa kabati. Adzaphika achemwali. Mchere amachulutsa, muwachenjeze. Mukamapita kukabayidwa mudye kaye, ndipo mumwe madzi ambiri, musachite zamphamvu ngati ulendo uja munakana kukhala pansi mpaka nesi anakukalipirani.

Chinthu chimodzi ndinene, kuti ndisakunamizeni pofuna magazi anu. Nkhani ya amayi sinathe. Sindikukugulitsani chikhululuko kuti mukwere galimoto. Ikadali pamtima panga mmene inalili, ndipo tsiku lina inu ndi ine tidzakhala pansi, ndidzakufunsani mafunso, mudzandiyankhe. Koma ndaona ndi maso anga kuti mkwiyo wanga ukaponya mwala sugenda inu, umagenda amene wandiyandikira. Achemwali asalipire mlandu wa inu ndi ine.

Iwo sakudziwa kuti ndalemba. Sindikufuna kuwapatsa chiyembekezo kenako n'kuwalanda, ndawalanda zokwanira.

Yankho mupatse a Dotse pakamwa, musavutike ndi kulemba. Akadzati bwera, ndikwera lole yomweyo. Akadzati mwakana, ndikwerabe. Ndidzakhala pamchenga pakhomo panu, ndizidzathirira anyezi wanu mukufuna musafune, ndipo Accra adzakhala wopanda ine tsiku lililonse mpaka mutatopa n'kunyamula chikwama. Inu mukudziwa kuposa munthu wina aliyense kuti ine kudikira ndimatha.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi kwa onse a pakhomo. Mayi aang'ono muwapatsenso moni, munene kuti wachokera kwa ine, adzadabwa koma munene. Mulungu akusungeni, apepuze magazi anu, akuyendetseni bwino pamsewu.

Ndine mwana wanu,
wamanyazi koma wanu ndithu,

Aseye